Aliyense amasunga za makolo ake

Ndakhala ndikutsatira mikangano ya ndale pa Facebook, ndipo chimene chimandidandaulitsa ndi chakuti anthu ambiri akatchula mawu oti conservative amangoganiza za chipani cha Republican cha ku America, ngati kuti andale onse osunga mwambo amavina gule mmodzi. Ine sindikuvomereza zimenezi, chifukwa munthu amasunga chimene makolo ake anamusiyira, ndipo makolo a mitundu yosiyana sanasiye chuma chofanana.

Taonani nkhani ya mfuti. Ku America ufulu wokhala ndi mfuti unalowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1791, choncho wa Republican akamauteteza amaona kuti akusunga cholowa. Koma ku Britain, munthu wina atapha ana 16 pamodzi ndi mphunzitsi wawo pasukulu ya ku Dunblane mu 1996, boma la chipani cha Conservative lotsogoleredwa ndi John Major ndi limene linaletsa mfuti zambiri zam'manja chaka chotsatira.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya chithandizo cha odwala. Ku Germany, mtsogoleri wa boma Otto von Bismarck, amene ankateteza ufumu ndi mtima wonse ndipo ankadana ndi andale a sosholizimu, ndiye anakhazikitsa inshuwalansi ya zaumoyo ya anthu apantchito mu 1883. Sikuti chinali chifundo chokha ayi. Iye ankafuna kuti antchito asakopeke ndi adani ake, koma aziona boma ngati kholo lawo. Ku Britain nako, nduna yaikulu ya chipani cha Conservative, Margaret Thatcher, anagulitsa makampani ambiri a boma pakati pa 1979 ndi 1990, komabe sanathetse NHS, ndondomeko ya boma yopereka chithandizo cha zaumoyo kwa anthu onse, ngakhale kuti inayambitsidwa ndi chipani cha Labour mu 1948, poti anthu anali ataizolowera kale ngati gawo la moyo wawo. Pomwe ku America, a Republican analimbana kwa zaka zambiri ndi lamulo la zaumoyo limene Barack Obama anasaina mu 2010.

Gwero la kusiyanaku, m'kuona kwanga, lili pa mmene maikowa anayambira. Dziko la America linabadwa mu 1776 pogalukira mfumu ya ku Britain, motero kukayikira boma ndi mwambo umene anthu ake anayamwira. Ufumu womwe iwo anaukanawo ndi umene phungu wa Conservative wa ku London amalumbira kuti adzautumikira mokhulupirika tsiku limene akulowa m'nyumba ya malamulo.