Akati malungo mulibe, musathamangire kunyumba

Kuno ku Mangochi thupi likangotentha timati ndi malungo, ndipo kawirikawiri timalondola, poti udzudzu wa kunyanja kuno tonse tikuudziwa. Chomwe chikundiwawa ndi ichi: akamubaya munthu pachala n'kupeza kuti malungo alibe, mitima imakhala pansi, timagula panado pa golosale n'kubwerera kunyumba. Ena mwa anthu amenewa ndi omwe timakawaika m'manda sabata isanathe, pamaliro n'kumanong'onezana kuti "sanadwalitse ayi".

Abale anga, kuli sepsis. Tizilombo tikalowa m'thupi, thupi polimbana nato limatha kuyamba kuwononga ziwalo zake zomwe: impso, mapapo, ubongo. Poyambira pake sipaopsa konse. Msodzi walasidwa ndi munga wa kampango, wamanga kansanza n'kubwerera pabwato. Agogo ali ndi chibayo. Mayi wangochira kumene, kapena khanda alipaka zapakhomo pamchombo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2017 matendawa anapha anthu pafupifupi 11 miliyoni, kutanthauza imfa imodzi mwa zisanu zilizonse padziko lapansi.

Mukaona wodwala akupuma mothamanga, akubwebweta, manja ndi mapazi zazizira, tsiku latha osakodza, musadikire kuti kuche. Khanda likakana bere, lalefuka, mchombo wafiira ndipo ukutuluka mafinya, nyamukani usiku womwewo. Mayi wongobereka akamanjenjemera, m'mimba mukupweteka, zotuluka kunjira yoberekera zikununkha, imeneyo si nkhani yoti azakhali aone kaye. Mukafika, funsani mwaulemu koma mosaopa kuti, "Adokotala, kodi si sepsis imeneyi?" Makapisozi ogula pamsika aja, omwa awiri n'kusiya, ndi zina mwa zomwe zikuchititsa kuti tizilombo tisamamvenso mankhwala.

Koma sindikufuna tizingodzudzula odwala ngati kuti vuto lonse ndi kuchedwa kwawo. Sepsis imafuna jakisoni wa mankhwala opha tizilombo ndi diripi mwachangu, mwinanso okosijeni. Ola lililonse lotayika limachepetsa mwayi wochira. Nanga munthu wa ku Makanjira, ndi msewu uja nthawi ya dzinja, ambulansi ikasowa mafuta afika bwanji ku boma? Namwino angasambe bwanji m'manja ngati mpopi wa chipinda chochirira wauma, pomwe nyanja tikuiona ndi maso?

Mu 2017 maiko a mu WHO, ife tili momwemo, anagwirizana zolimbana ndi sepsis. Ndiye aphungu athu ndi makhansala atiuze poyera kuti ndi zipatala zingati m'boma lino zomwe zili ndi madzi usana ndi usiku, ndiponso mankhwala a jakisoni osadukiza. Pa 13 September, tsiku lokumbukira matendawa, ndikufuna kumva mayankho amenewa pa wailesi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo alangizi a zaumoyo apatsidwe mpata wofotokoza zizindikirozi kusikelo, kumzikiti ndi kutchalitchi.