Paul Brady ndinamuonera ku Dublin, koma ndinakamumvetsa ku London

Mayi wina wa ku Ireland amene ndimagwira naye ntchito ndiye anandikokera ku Vicar Street, holo ya mumsewu wa Thomas Street ku Dublin, kuti tikaonere Paul Brady. Dzinali ndinali ndisanalimvepo. Mkuluyu anabadwa mu 1947 ndipo anakulira ku Strabane, tauni ya ku Northern Ireland yomwe ili m'malire penipeni. Ukangowoloka mlatho wa pa mtsinje wa Foyle wafika ku Lifford, dziko lina, kumene mapaundi a m'thumba mwako amasiyira malo mayuro. Anayamba kutchuka ndi nyimbo zamakolo m'gulu la The Johnstons, kenako mu 1974 analowa gulu la Planxty m'malo mwa woimba Christy Moore. Mu 1981 anatulutsa chimbale cha Hard Station n'kutembenukira ku rock, ndipo pambuyo pake Tina Turner ndi Bonnie Raitt anaimbako nyimbo zomwe iye anapeka.

Ku Dublin anthu amamutenga ngati wapakhomo. Mu holo imeneyi anaimbamo mausiku 23 mu Okutobala 2001, ndiye amalowamo ngati akulowa kwawo. Timatebulo tating'ono tozungulira, matambula a Guinness, phokoso ngati pamsika. Wina amakuwa kutchula nyimbo imene akuifuna, iye n'kumuyankha mwanthabwala, holo yonse kufa ndi phwete. Koma atangonyamula gitala yopanda magetsi n'kuyamba nyimbo yakale yofotokoza nthano, yaitali ndithu, kunangoti zii. Mnyamata wina atayamba kunong'ona, agogo amene anali kumbuyo kwake anamugwira paphewa, osalankhula kanthu, ndipo anatseka pakamwa. Ulemu umenewu ndinaukonda kwambiri. Pofika pa kolasi aliyense ankaimba nawo, mawu onse ali pamtima.

Ulendo wa ku London unandivuta usanayambe n'komwe. Nzika za Ireland ndi Britain zimayenderana popanda viza chifukwa cha mgwirizano wa Common Travel Area, koma chilolezo changa chokhalira ku Ireland sichigwira ntchito kutsidya kwa nyanja. Mmalawi amafunika viza ya UK payokha. Ndinaifunsira kuti ndikaone achibale, ndipo konsati ya Brady ya ku London inangokwanirana ndi ulendowo.

Holo ya kumeneko inali yadongosolo: mipando m'mizere, nambala patikiti, anthu kuwomba m'manja nyimbo ikatha basi. Poyamba ndinaona ngati kwazizira. Nditamwazamwaza maso ndinazindikira kuti ambiri anali a ku Ireland omwewo, koma aimvi, aja anachoka kwawo ali achinyamata kudzagwira ntchito yomanga misewu ndi nyumba, azimayi n'kukhala anamwino m'zipatala, n'kukhazikika m'madera monga Kilburn ndi Cricklewood.

Pa chimbale cha Hard Station pali nyimbo yotchedwa Nothing But the Same Old Story, yonena za mnyamata wa ku Ireland amene wapita kukasaka ntchito ku England, kumene anthu akumukayikira akangomva kalankhulidwe kake. Nthawi imeneyo inali yowawa. Mabomba ataphulika m'mabala ku Birmingham mu 1974 n'kupha anthu 21, amuna 6 ochokera ku Northern Ireland anamangidwa, ndipo anakhala m'ndende mpaka 1991 pamene khoti linathetsa chigamulo chawo. Aliyense wolankhula ngati wa ku Ireland ankayang'anidwa ndi diso lofiira.

Ku Dublin nyimboyi anthu anailandira ndi mfuu, kuponda pansi, manja m'mwamba. Kwa ambiri a iwo inali nkhani ya amalume awo amene anapita kunja. Ku London bambo amene anakhala pambali panga sanaimbe nawo ngakhale liwu limodzi. Manja ake anali okhakhala, zala zokhota ngati za munthu amene wagwira fosholo moyo wake wonse, ndipo anangofinya chipewa chake pamiyendo mpaka nyimbo inatha. Brady naye anaiimba mwaukali, mawu okalamba koma osagwedera, akukhwapula zingwe za gitala ngati zamulakwira.

Mukandifunsa kumene kunali kokoma, ndinena kuti ku Dublin, ndipo sindingazengereze. Kumeneko woimba ndi omvera amakhala amodzi, ndipo ukatuluka umamva kupepuka. Komabe ine ndine munthu wokhala kwa eni, wodziwa mmene nkhope ya munthu imasinthira ukangotsegula pakamwa kufunsa nyumba ya lendi. Za London ndi zimene zinandilowa mumtima.

Magetsi atayaka bambo uja anandifunsa kumene ndimachokera. Nditati ku Malawi, anandifunsanso kuti ndatha zaka zingati ndisanapite kwathu. Ndinati zinayi. Anagwedeza mutu, nandiuza kuti iye ndi wa ku Mayo, dera la ku Ireland, ndipo pobwera anauza amayi ake kuti akhala chaka chimodzi chokha. Kenako anavala chipewa chake chija, chili chofinyikafinyika, n'kutsika masitepe pang'onopang'ono atagwira chitsulo cha m'mbali.