Pa nthawi ya mliri musamatseke mpopi wa wosauka

Dzulo ndikufunafuna khadi la kusikelo la mwana m'sutikesi ndapeza bilu ya madzi ya Juni 2020. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Ndiye lero ndiloleni ndilankhuleko, wokwiya akwiye.

Chaka chimenecho ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulaiveti pano pa Dedza boma. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, malipiro anathera pomwepo. Ana sakulipira fizi, mwini sukulu akanazitenga kuti? Pa poloti yathu tinalipo mabanja asanu ndi limodzi, mpopi umodzi, mita imodzi. Bilu ikabwera alandilodi ankaigawa khomo ndi khomo. Koma onani amene tinali pamenepo: ine mphunzitsi wopanda kalasi, mayi wina amene ankagulitsa mandasi pa geti la sukulu yotsekedwa, mnyamata wosintha ndalama pa boda pomwe odutsa anali atachepa, ndi wa kabaza. Tonse mphika unazizira mwezi umodzi. Bilu inaunjikana miyezi itatu, ndipo tsiku lina a madzi anabwera ndi sipanala yawo. Anyamatawo sindiwada, anachita kutumidwa.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti tsiku lomwelo wailesi inali pakalapakala: sambani m'manja ndi sopo pafupipafupi, musaunjikane. Ife m'mamawa wa Juni, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, tinali pa mzere ku mjigo, ndowa kugundana, aliyense kugwira chitsulo chomwecho popopa, wina akutsokomola kumbuyo kwako. Tinkapita kukatunga madzi osambira m'manja pamalo pomwe matendawo akanatipeza mosavuta. Wina andiuze nzeru yake ili pati.

Mukukumbukira kuti m'bindikiro wa masiku 21 umene unkayenera kuyamba pa 18 Epulo khoti linauletsa, anthu atadandaula kuti tidya chiyani. Kenaka boma linalengeza K35,000 pamwezi ya mabanja ovutika, koma ya ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Ife a m'maboma tinkangomva pa wailesi, ngati kuti wogulitsa kachewere pa Lizulu kapena kabichi pa Bembeke malonda ake sanagwe. Za K6.2 biliyoni yolimbana ndi mliri ija, imene ina inasakazidwa, sindiyamba n'komwe, magazi angandikwere.

Sindikunena kuti madzi akhale aulere, ayi. Pampu imadya magetsi, kolorini amagula, paipi ikaphulika pamafunika anthu okakumba, ndipo nawonso ali ndi ana. Bungwe la madzi likagwa tonse tibwerera kuchitsime. Ndikunena kuti boma likangolengeza kuti dziko lili pa ngozi ya mliri, tsiku lomwelo kudula madzi m'makomo kuime. Ngongole ilembedwe, munthu azidzabweza pang'onopang'ono ntchito ikayambanso, popanda chindapusa cholumikizira. Chindapusa chimenechi ndiye chimandidabwitsa: munthu walephera bilu, inu mukumuonjezera ina pamwamba?

Ndiye pali nkhani ya mita imodzi ija, imene a m'maofesi saiona. Pa pepala poloti yathu inkaoneka ngati nyumba imodzi ya munthu wolemera wothirira kapinga, pomwe anali mabanja asanu ndi limodzi ochapa matewera. Mmodzi akalephera, onse mpopi wauma, ngakhale amene anapereka gawo lake. Pamenepo pamayamba mikangano, kutchulana maina, ana kuletsedwa kusewerera limodzi. Thandizo lililonse la pa mitengo liziwerenga makomo, osati mamita. Khomo lililonse lipatsidwe madzi oyambirira pa mtengo wotsika, tinene malita 3,000 pamwezi, amene ndi ndowa 150 za malita 20, zisanu patsiku. Wotsuka galimoto ndi paipi alipire mtengo wonse.

Mudzafunsa kuti ndalama yotsekera dzenjelo ichokera kuti. Yambani ndi nthambi za boma zimene zili ndi ngongole zikuluzikulu ku mabungwe a madzi, nkhani imene manyuzipepala akhala akulemba chaka ndi chaka. Sipanala imafika msanga kwa mayi wa mandasi chifukwa alibe wom'imbira foni. Komanso mu 2022 boma linachotsa msonkho wa VAT pa madzi a m'mipopi, kusonyeza kuti akafuna zimatheka. Chaka chomwecho kolera anabuka, n'kupha anthu oposa 1,700 asanathe, ndipo uthenga unali womwewo wa madzi aukhondo ndi sopo.

Ife mpopi unatsegulidwa sukulu zitayambanso, titasonkherana movutikira. Mayi wa mandasi uja sanadikire. Anagulitsa chiwaya chake, analipira gawo lake la bilu ya madzi amene sankamwanso, n'kubwerera kumudzi kwawo ku Linthipe.