Pa nkhani yolemekeza magoloboyi, France isadziyerekeze ndi Spain

Sabata yathayi m'gulu lathu la mpira pa WhatsApp mnzathu wina wosapota France analimba mtima n'kulemba kuti palibe dziko lolemekeza magoloboyi kuposa France, ati chifukwa mphoto ya goloboyi wabwino padziko lonse imaperekedwa ku Paris. Akuluakulu, izi zandiwawa ndipo ndakana kwamtuwagalu.

Mphoto akuinyadirayo a magazini ya France Football anaiyambitsa mu 2019, dzulodzuloli, ndipo dzina lake ndi la Lev Yashin, goloboyi wakale wa ku Soviet Union. Yashin ndi woyenera, palibe angatsutse. Koma a France anayang'ana m'nyumba mwawo monse, dzina la mwana wawo osalipeza. Tsidya lina la mapiri a Pyrenees nkhani ndi ina. Kuyambira 1959 goloboyi amene wachinyitsa zigoli zochepa mu La Liga amalandira mphoto ya Zamora, yomwe nyuzipepala ya Marca imapereka, ndipo chaka chilichonse dzina la munthu wobadwa mu 1901 limamvekanso m'makutu mwa ana.

Ricardo Zamora anali mwana wa ku Barcelona. Ali ndi zaka 19 zokha anaima pagolo la dziko lake pa masewera a Olimpiki ku Antwerp mu 1920, Spain n'kubwerako ndi mendulo yasiliva. Ankalowa m'bwalo atavala kapusi yansalu ndi juzi yoyera yofika m'khosi, nthawi yomwe wosewera kutsogolo ankaloledwa kumugunda goloboyi ndi phewa. Mu 1929 ku Madrid anavulala fupa la pachifuwa masewero ali mkati, koma sanatuluke, ndipo Spain inathambitsa England 4-3. Aka kanali koyamba kuti England igonje kwa timu yochokera kunja kwa zilumba za Britain. Anthu akwawo ankangomutcha El Divino, kutanthauza waumulungu.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ndime yomaliza ya chikho cha Spain mu 1936, ku Valencia. Madrid, yomwe inamugula kuchokera ku Espanyol mu 1930, inkatsogola 2-1 pa Barcelona, timu yomwe Zamorayo anaisewererapo ali mnyamata. Kutatsala mphindi zochepa Josep Escolà wa Barcelona anamenya mpira wapansi woloza m'mbali mwa mtengo wagolo. Zamora, ali ndi zaka 35, anadzigwetsa, fumbi linati kobo, ndipo fumbilo likutha anthu anamuona atagona mpira uli m'manja. Chithunzi chimenecho a ku Spain amachisindikizabe mpaka lero.

Apa ndiyenera kuwapatsa a France zawo. Patangotha mwezi umodzi nkhondo yapachiweniweni inabuka ku Spain, ndipo Zamora anatsekeredwa m'ndende ya Modelo ku Madrid, mphekesera zikufala kuti waphedwa. Atatuluka, komwe anakabisa mutu ndi ku France, ndipo timu ya Nice inamulandira n'kumupatsa golo. Dziko lake linamuzunza, oyandikana nawo anamusunga. Nice yomweyo ndi imene inalera Hugo Lloris, amene anakweza chikho cha dziko lonse mu 2018, ndipo Fabien Barthez anali atachikweza kale mu 1998. Magoloboyi ali nawo ndithu. Ndivomerenso kuti mphoto ya Zamora imawerengera zigoli basi, choncho goloboyi wa timu yokhala ndi otchinga kumbuyo olimba amapeza mwayi, monga Jan Oblak wa Atlético Madrid amene waitenga kasanu n'kamodzi.

Komabe kukhala ndi magoloboyi ndi kuwalemekeza n'zosiyana. Mu 2023 goloboyi wa Argentina Emiliano Martínez akupita kukalandira mphoto ya Yashin ku Paris, anthu ena m'holomo anamukuwiza chifukwa cha chidani cha ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse ya ku Qatar mu 2022, pomwe Argentina inagonjetsa France. Goloboyi mwamuitana nokha kuti mumupatse ulemu, kenako mumukuwize pamaso pa dziko lonse? Zamora atabwerera kwawo anapatsidwa timu ya Atlético Aviación kuti aiphunzitse, n'kuitengetsa ligi mu 1940 ndi 1941, ndipo mphoto ya dzina lake inayamba iye akadali moyo, popeza anamwalira mu 1978. Achimwene a France aja, nditchulireni goloboyi mmodzi wa kwanuko wa zaka za m'ma 1920 osatsegula Google.