Chenjezo kwa ozula bowa mwachisawawa mu Harare muno

Ana anga ndi adzukulu anga a ku Mufakose, Mbare, Highfield, Mabvuku ndi kwina konse kumene a kwathu tikukhala, mvula yagwa ndipo bowa wayamba kumera, choncho ndiloleni ndikudzudzuleni pa khalidwe limene likundisowetsa tulo.

Sabata yathayi ndinakumana ndi mnyamata wa pafupi ndi kwathu atanyamula bowa wodzaza jumbo. Nditamufunsa kumene wamutenga, anati pansi pa mitengo ya paini, ndipo nditamufunsanso amene wamuuza kuti ndi wodyedwa, anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha pa Facebook. Ndinakhuthulira bowayo pansi ndipo ndinapeza kuti yense anachita kumudula ndi mpeni, tsinde lake n'kulisiya m'dothi, pamene tsindelo ndi limene limathandiza kuzindikira mtundu wa bowa. Mtima wanga unawawa kwambiri, chifukwa ndiwo zimenezo zikanadyedwa ndi azing'ono ake usiku womwewo.

Ife sitinaphunzire chotero. Tinkalawirira kuthengo pambuyo pa amayi athu, ndipo iwo ankatiphunzitsa mtundu umodziumodzi, dzina lake, fungo lake ndi malo ake omera, mpaka zaka zingapo asanatilole kuzula tokha. Utale umamera pachulu chifukwa chiswe ndicho chimaulima m'kati, ndipo ukaukumba bwino umaona muzu wake wautali wolowa pansi. Manyame, ofiira kapena achikasu, amapezeka m'nkhalango za mombo ndi masuku, amene kuno amati mazhanje. Ndelema, amene anzathu Achishona amamutcha nhedzi, amatuluka m'dothi ngati dzira, kenako n'kutambasuka, woyera koma woderako pakati. Wina tinkatendera ndi nsinjiro, wina tinkafutsa n'kuyanika kuti tidzadye m'chilimwe. Bowa aliyense amene amayi sanamudziwe dzina ankamutcha chirombo, ndipo sankalowa mu dengu ngakhale atakongola chotani.

Vuto la mumzinda muno ndi lakuti muli mitengo yobwera, monga paini ndi oki, ndipo pamodzi ndi mitengoyi panabweranso bowa wa ku Ulaya wotchedwa Amanita phalloides, amene makolo athu sankamudziwa. Ameneyu ndi amene amapha anthu ambiri pa dziko lonse mwa onse ofa ndi bowa. Amafanana ndi ndelema mochititsa mantha, pakuti nayenso ndi woyera kunsi, ali ndi mkanda pa mwendo ndi kathumba pa tsinde. Chipewa chake chimakhala chobiriwirako ndipo chilibe timizere ta m'mphepete timene ndelema ali nato, koma mtunduwo umatha kutuwa ndi mvula, moti diso losazolowera silingadaliridwe. Theka la chipewa chimodzi likhoza kupha munthu wamkulu, nanga mwana wa zaka zisanu? Palinso wina woyera wamkulu womera pa kapinga m'mabwalo ndi m'mayadi, amene kunsi kwake kumabiriwira akakhwima, ndipo amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba koopsa.

Lekani kunamizana kuti bowa wodyedwa ndi tizilombo kapena anyani ndi wabwino kwa munthu, kapena kuti supuni imada ikakhudza wapoizoni. Lekaninso bodza lakuti mukawiritsa n'kutaya madzi oyamba ndiye kuti poizoni watha. Poizoni wa Amanita phalloides satha ndi moto, mchere kapena kuyanika padzuwa. Inunso amayi ogulitsa m'misewu ndi ku Mbare Musika, ambiri a inu mumaidziwa ntchito yanu, koma musalandire bowa wozulidwa ndi ana, ndipo musasakanize mitundu m'mbale imodzi.

Chimene chimapusitsa mabanja ndi kuchedwa kwa matendawa. Munthu amadya madzulo, n'kugona bwinobwino, ndipo kusanza ndi kutsegula m'mimba kumayamba patapita maola 6 mpaka 24. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu amaoneka ngati wachira, abale n'kumati zapita, pamene chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete, ndipo maso akamadzachita chikasu chiwindicho chimakhala chitawonongeka kale kwambiri.

Choncho wina akayamba kudwala atadya bowa wa kuthengo, musataye nthawi ndi kumumwetsa mkaka kapena mankhwala azitsamba, ndipo musadikire kuti kuche. Thamangirani naye ku kiliniki yapafupi, kapena ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, pamodzi ndi onse amene anadya nawo ngakhale amene sakumva kupweteka kulikonse, makamaka ana. Tengani ndiwo zotsala mumphika ndi bowa wosaphika ngati alipo, ndipo muwauze adokotala nthawi imene munadya ndi malo amene bowayo anazulidwa.