Nambala ikakana kulowa mu database, tisathamangire kukulitsa malo

Ndimadandaula ndikaona anzanga olemba mapulogalamu akuthamangira kusintha column (gawo la tebulo losungira mtundu umodzi wa zinthu) kukhala BIGINT (mtundu wolandira manambala aakulu kwambiri), kapena kuzimitsa strict mode (lamulo lokana nambala zosayenera) mu MySQL, imene ili database, kutanthauza pulogalamu yosunga zinthu m'matebulo, atangoona uthenga wakuti nambala yapyola malire. Kuzimitsa strict mode ndiko koopsa kwambiri, chifukwa zikatero MySQL imaika nambala yaikulu imene column ingalandire m'malo mwa yeniyeniyo, n'kungosiya chenjezo limene ambiri saliwerenga n'komwe. Lipoti limatuluka looneka bwinobwino, koma lili ndi bodza mkati.

Ineyo zinandionekera. Ndinali ndi column ya NUMERIC(5,2), mtundu wa manambala okhala ndi kadontho, yosungira peresenti ya mmene kulemera kwa katundu kwasinthira, ndipo PostgreSQL, database ina yonga MySQL, inakana ntchito yonse ndi mawu akuti "numeric field overflow", kutanthauza kuti nambala yapyola malire. Ambirife timaiwala kuti 5 ameneyu akuwerenga manambala onse pamodzi, ndipo awiri mwa iwo ali kumanja kwa kadontho, choncho malire ake ndi 999.99 basi. Ngakhale 999.996 salowa, pakuti ikafupikitsidwa imasanduka 1000.00.

Ndinaika maperesenti onse amene ndinawerengera mu tebulo longoyembekezera lokhala ndi malire otakasuka, n'kuzisanja kuyambira yaikulu, ndipo mzere wolakwika unaonekera pamwamba penipeni: kulemera kwakale kunalembedwa 0.02, kwatsopano 50, ndipo kugawa ndi nambala yaing'ono chonchi kunabala 249,900 peresenti. Column inalibe mlandu, koma winawake analakwitsa polemba nambala yakaleyo. Ndikanangokulitsa malo, cholakwikacho chikanalowa mwakachetechete n'kusokoneza avereji ya mwezi wonse.

Palinso msampha wina umene umakola ngakhale akatswiri. INTEGER, mtundu wa manambala opanda kadontho, imathera pa 2,147,483,647, ndiye mukachulukitsa 50,000 ndi 50,000 mu PostgreSQL, zonse ziwiri zili INTEGER, mudzakanidwa ngakhale column yolandira ili BIGINT, chifukwa kuwerengerako kumachitika yankho lisanafike kumene likupita. Apa mankhwala ake ndi kusandutsa imodzi mwa nambalazo kukhala BIGINT musanachulukitse.

Sindikukana kuti nthawi zina kukulitsa column ndiko koyenera. Ngati mwaona mizere yokanidwayo ndi maso anu, mwatsimikiza kuti nambalazo ndi zoona ndipo zipitirira kukula, kulitsani, koma muikeponso CHECK yonena malire amene ntchitoyo ingavomereze, kuti 249,900 peresenti ina ikadzabwera idzakanidwe pakhomo pomwepo.