Fulo ya simenti isamathamangitsidwe, makamaka kuno ku Dedza

Abale anga amene mukumanga, makamaka inu otumiza ndalama muli ku Joni kapena ku Lilongwe, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mmisiri akangomaliza kusalaza fulo, musamuimbire foni mawa lake kuti matailosi alowe chifukwa Khirisimasi yayandikira. Zimandipweteka kuona munthu wavutikira matumba a simenti chaka chathunthu, kenako n'kuononga zonse chifukwa cha masabata ochepa.

Sabata yoyamba fulo siyenera kuuma n'komwe. Simenti imalimba ndi madzi. Ikauma msanga imasanduka yofumbutuka, mukasesa fumbi silitha, ndipo ming'alu imayamba ngati dambo la mu Okutobala. Ndiye masiku 7 oyambawo muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo, kapena muyale pepala lapulasitiki pamwamba kuti chinyezi chisathawe. Zitseko zitsekedwe, ana ndi nkhuku asalowemo. Pakatha masiku awiri munthu atha kupondapo mofatsa, koma wilibala ya njerwa ayi. Mphamvu zake zenizeni simenti imazifika pa masiku 28.

Kuuma kwa mkati ndi nkhani ina, ndipo apa m'pamene ambiri timanamizidwa ndi maso. Pamwamba payera mbuu, ukagwira pouma bwinobwino, koma madzi adakali pansi. Odziwa zomangamanga amawerengera chonchi: milimita imodzi tsiku limodzi mpaka mamilimita 40, kupitirira apo milimita iliyonse masiku awiri. Fulo yokhuthala mamilimita 50 ndiye kuti masiku 60, miyezi iwiri. Komatu chiwerengero chimenechi n'cha malo ofunda pafupifupi madigiri 20, odutsa mphepo bwino.

Tsono taganizani za ku Bembeke mu Juni kapena Julaye, nkhungu ili phaa mpaka dzuwa litakwera, zovala zikukanika kuuma pachingwe. Fulo ingaume bwanji mofanana ndi ya ku Golomoti kapena ku Mtakataka kumene kumatentha? Boma ndi limodzi koma nyengo n'zosiyana. Wa kumtunda kuno awonjezere masiku, chimodzimodzi amene wathira fulo m'dzinja mvula ili mkati.

Sikuti chilichonse chidikire miyezi iwiri ayi. Matailosi wamba aja mutha kuika pakapita masabata osachepera atatu, chifukwa m'masabata amenewa fulo imakhala ikufota pang'onopang'ono, ndipo mukaiphatika msanga imakoka matailosi, ena n'kung'ambika, ena n'kumalira phuphuphu mukagogoda. Koma penti, kapeti wapulasitiki ndi matabwa, izi zimatsekera chinyezi mkati. Penti imatukumuka n'kusupuka. Kapeti mukamutukula pakona mupeza pansi pakuda, pali chuku, fungo lili guu m'chipinda mogona ana.

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Dulani pulasitiki yoonekera mkati, pafupifupi theka la mita mbali zonse, muimate pansi ndi selotepi osasiya mpata, makamaka pakona posafika dzuwa. Mawa lake mukapeza timadontho pansi pake, kapena simenti yada pamalopo, dziwani kuti nthawi sinakwane. Sabata yothirira ija ikatha muzitsekula mawindo masana kuti mphepo izidutsa. Zoika mbaula pakati pa chipinda kuti ziume msanga, chonde ayi, mungowamba pamwamba basi.

Ndipo inu amisiri athu, ndimakulemekezani, koma muziwauza mabwanawa chilungamo. Ndikudziwa mumaopa kuti mukati "tidikire kaye" ntchito ya matailosi apatsa wina. Komabe akadzayamba kusupuka, dzina lotchulidwa m'mudzi monse ndi lanu. Auzeni tsiku lomwe mukugwirizana mtengo kuti fulo idzafuna masabata akutiakuti, ndipo nthawi yodikirayo mudzakhala mukugwira za kunja: khonde, ngalande za madzi a mvula, dzenje la chimbudzi. Musaiwalenso kuwauza agule pulasitiki yakuda yoyala pansi pa silabu, poti popanda iyo chinyezi chimakwerabe kuchokera m'dothi mvula ikangoyamba, ngakhale mutadikira chaka.